Ntchafu zikamapweteka: wolakwa ndi khasu kapena mankhwala?

Mwezi wa Novembala chaka chathachi ndinapita kumudzi kukaona amalume anga. Inali nthawi yotanganidwa, mitambo itayamba kusonkhana ndipo aliyense akuthamangira kumaliza mizere mvula yobzalira isanagwe. Amalumewo ndi bambo wa zaka za m'ma 60, ndipo zaka ziwiri m'mbuyomo anadwala sitiroko, matenda aja ena amangowatchula kuti kufa ziwalo. Mwamwayi sinali yaikulu. Pakamwa panakhota kwa masabata angapo, dzanja lamanzere linalemera, koma pang'ono ndi pang'ono anachira mpaka anayambanso kugwira khasu. Kuchokera nthawi imeneyo kuchipatala amawapatsa mitundu itatu ya mankhwala: ochepetsa kuthamanga kwa magazi, aspirin, ndi kapiritsi kena komwa usiku kotchedwa simvastatin.

Nditalowa m'nyumba kukatenga mpando, ndinaona timatumba ta mankhwala tili pawindo. Tiwiri tinali titatsala pang'ono kutha, koma kachitatu kanali kodzaza.

"Amalume, awa simukumwa?" ndinafunsa.

"Amenewo ndinawasiya, mwanawe. Amandiphwanya miyendo. Ndikagona usiku ntchafuzi zimakhala ngati wina wazisinja ndi munsi. Mnzanga wina wa kutchalitchi anandiuza kuti mankhwala amenewa amadya minofu. Ine ndili ndi munda woti ndilime."

"Munawasiya liti?"

"Papita mwezi wathunthu."

"Nanga ntchafuzo zasiya kupweteka?"

Anakhala chete akuyang'ana pansi, kenaka anaseka pang'ono. "Kunena zoona, zikupwetekabe."

Nkhani ya amalume si yawo okha. Masiku ano m'madera mwathu anthu odwala matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, mtima ndi sitiroko akuchuluka, ndipo ambiri akutuluka m'chipatala atanyamula mankhwala otsitsa mafuta a m'magazi. Ena amamwa mokhulupirika. Ena akangomva kuphwanya m'thupi amawasiya mwakachetechete, osauza dokotala, osauza namwino, ngakhale mlangizi wa zaumoyo amene amakhala naye mudzi umodzi. M'kope lino tikambirane za ululu umenewu: pamene uli wochokeradi ku mankhwala, pamene uli wochokera kwina, ndi zoyenera kuchita munthu asanataye chinthu chimene chikutchinjiriza moyo wake.

Mankhwala ogwira ntchito mosaonekera

Kolesitero ndi mtundu wa mafuta amene amayenda m'magazi. Thupi limawafuna mafuta amenewa, ndipo ambiri amapangidwa ndi chiwindi chathu chomwechi, sachokera m'chakudya mokha. N'chifukwa chake munthu woonda, wodya nsima ndi masamba, atha kukhala nawo ochuluka. Akapitirira muyeso, makamaka mtundu umene madokotala amautcha LDL, amakanirira m'kati mwa mitsempha ya magazi monga momwe matope amaunjikanira m'ngalande ya mthirira. Njira ya magazi imachepa chaka ndi chaka mwini wake osamva kanthu. Tsiku lina pamalo pamene mafuta anaunjikana pamang'ambika, magazi amaundana pomwepo, njira n'kutsekeka. Zikachitikira mumtsempha wodyetsa mtima, munthu amagwidwa ndi matenda a mtima adzidzidzi. Zikachitikira mumtsempha wopita ku ubongo, imeneyo ndiyo sitiroko. Pajatu akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma.

Mankhwala otchedwa masitatini amaletsa chiwindi kupanga mafuta ochuluka, ndipo chiwindicho chimayamba kuyamwa ena mwa mafuta amene ali kale m'magazi. N'zosavuta kuwazindikira, chifukwa mayina awo amathera ndi mawu akuti "statin": simvastatin, atorvastatin, rosuvastatin, pravastatin ndi ena.

Alimi angakonde kudziwa kuti amene anatulukira mankhwalawa anali mwana wa mlimi. Akira Endo anabadwa mu 1933 m'banja la alimi kumpoto kwa dziko la Japan, ndipo ali mwana ankachita chidwi ndi bowa ndi chuku. Atakula n'kukhala katswiri wa sayansi, anayesa mitundu pafupifupi 6,000 ya chuku pofunafuna imene ingaletse thupi kupanga kolesitero, ndipo mu 1973 anaupeza m'chuku chimene chinamera pa mpunga. Sitatini woyamba kuloledwa kugulitsidwa ku America anali lovastatin, mu 1987. Endo anamwalira mu 2024.

Umboni woti mankhwalawa amapulumutsadi moyo unadza mu 1994, kuchokera m'kafukufuku wa m'maiko a kumpoto kwa Ulaya amene munali anthu 4,444 odwala mtima. Patapita zaka zoposa zisanu, mwa anthu 100 alionse amene sanalandire simvastatin anamwalira 12, pamene mwa 100 alionse amene ankamwa anamwalira 8. Mu 2007 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika simvastatin pamndandanda wa mankhwala ofunikira amene dziko lililonse liyenera kukhala nawo.

Vuto ndi lakuti phindu limeneli silimveka m'thupi. Munthu akamwa panado mutu umaleka, ndipo amadziwa kuti wathandizidwa. Koma palibe amene amadzuka m'mawa n'kunena kuti, "Lero ndikanagwa sitiroko, mankhwala andipulumutsa." Chimene chimamveka ndi ntchafu yopweteka. Choncho poyeza ziwirizi mumtima, ululu umalemera, phindu limapepuka.

Ululu weniweni wa mankhwala

Tisabise: masitatini amathadi kupweteka minofu, ndipo wodandaula asamayesedwe wabodza kapena waulesi. Ululu wake kawirikawiri umakhala m'minofu ikuluikulu monga ntchafu, matako, akatumba, mapewa ndi msana, ndipo umagwira mbali zonse ziwiri mofanana. Ena amati minofu yalemera, ena amati ikukokana, ena amangoti mphamvu zachepa. Nthawi zambiri umayamba m'masabata kapena miyezi yoyambirira munthu atangoyamba kumwa, kapena atamuwonjezera mlingo, kapena atayamba kumwa mankhwala ena amene sagwirizana ndi sitatini. Akasiya kumwa, ululuwo umazilala m'masabata ochepa.

Palinso vuto lalikulu koma losowa, pamene minofu imawonongeka kwenikweni. Zotsalira za minofu yowonongekayo zimalowa m'magazi n'kukatseka tinjira ta mu impso, ndipo munthu atha kufa ngati sanathandizidwe msanga. Mantha ambiri amene anthu ali nawo anachokera pa vuto limeneli. Mu 2001 kampani ya Bayer inachotsa pamsika sitatini wake wotchedwa cerivastatin anthu makumi angapo atamwalira ndi kuwonongeka kwa minofu, ena mwa iwo ataphatikiza mankhwalawo ndi ena otsitsanso mafuta otchedwa gemfibrozil. Mu 2011 bungwe loyang'anira mankhwala ku America linachenjeza kuti odwala atsopano asamapatsidwe simvastatin wa mlingo wa mamiligalamu 80, chifukwa pamlingo umenewo minofu imawonongeka kawirikawiri kusiyana ndi pamilingo yotsika. Phunziro lake ndi lakuti ngozi imakula ndi mlingo komanso ndi mankhwala ophatikiza.

Nanga zimachitika kwa anthu angati? Mu 2016 gulu la akatswiri linalemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet chiwerengero chothandiza kuganizira nkhaniyi. Tiyerekeze anthu 10,000 amene anadwalapo kale mtima kapena sitiroko, onse akumwa sitatini wa mlingo wokwanira kwa zaka zisanu. Pafupifupi 1,000 mwa iwo adzapewa matenda a mtima adzidzidzi, sitiroko kapena opaleshoni ya mitsempha zimene zikanawagwera. Amene minofu yawo idzawonongeke kwenikweni ndi 5, ndipo mwa asanuwo mmodzi atha kufika pa vuto loopsa lija ngati sanasiye mankhwala msanga. Kwa anthu amene sanadwalepo koma ali pachiopsezo chachikulu, opulumuka ndi pafupifupi 500 mwa 10,000.

Zimene mabotolo 12 anaulula

Tsono ngati kuwonongeka kwa minofu kuli kosowa chotere, n'chifukwa chiyani odandaula ali ambiri? Funso limeneli linawasowetsa mtendere madokotala kwa zaka zambiri, mpaka ofufuza a ku Imperial College mumzinda wa London anapeza njira yoliyesera. Anasonkhanitsa anthu 60 amene onse anali atasiya masitatini chifukwa cha zovuta za m'thupi. Aliyense anapatsidwa mabotolo 12, botolo limodzi pamwezi. Mabotolo anayi munali atorvastatin, anayi munali mapiritsi ofanana ndendende ndi enieniwo koma opanda mankhwala m'kati, ndipo anayi anali opanda kanthu. Palibe amene ankadziwa kuti mapiritsi enieni ndi ati. Tsiku lililonse munthu ankalemba pafoni kukula kwa zowawa zake, kuyambira pa 0 kufika pa 100.

Zotsatira zinatuluka mu 2020. M'miyezi yosamwa kanthu zowawa zinali pa 8. M'miyezi ya mankhwala enieni zinakwera kufika pa 16. Koma m'miyezi ya mapiritsi opanda mankhwala zinafika pa 15. Kunena kwina, magawo 9 mwa magawo 10 a zowawa zimene anthuwo ankati n'za sitatini ankazimvanso pomwa piritsi lopanda kanthu m'kati. Ataonetsedwa zotsatira zawo, theka la anthuwo linayambiranso kumwa mankhwala.

Mu 2022 ofufuza otsogozedwa ndi a ku yunivesite ya Oxford anaphatikiza makafukufuku 19 okhudza anthu oposa 120,000. Anapeza kuti mwa anthu 100 alionse omwa sitatini, 27 anadandaula za kupweteka kapena kufooka kwa minofu, ndipo mwa 100 alionse omwa mapiritsi opanda mankhwala odandaula analinso pafupifupi 27. Kusiyana kwenikweni kunaoneka m'chaka choyamba chokha, ndipo m'chaka chimenecho dandaulo limodzi mwa madandaulo 15 ndilo linali lochokeradi ku mankhwala.

Izitu sizikutanthauza kuti ululuwo ndi wongoganizira. Ululu ulipo ndithu, koma gwero lake ndi limene timaliphonya. Choyamba, thupi la munthu wa zaka 50 kapena 60 limapweteka kale, makamaka la mlimi. Kugalauza, kuunga mizere, kubandira, kupalasa njinga itanyamula thumba la feteleza la makilogalamu 50, kuponda thiredo pampu tsiku lonse kudimba, zonsezi zimagwira minofu yomweyo imene sitatini amagwira. Chachiwiri, mtima ukayembekezera choipa thupi limatsatira. Tonse tinaonapo munthu atayamba nseru atangouzidwa kuti ndiwo zimene wadya zinagona, chonsecho anzake amene sanamve mawuwo ali bwinobwino. Munthu akauzidwa kuti mankhwala amadya minofu, amayamba kumvetsera kachiwawa kalikonse kamene kale sankakalabadira.

Mafunso othandiza kupeza wolakwa

Mlangizi kapena wodzipereka wa m'mudzi sangapime magazi, koma atha kufunsa mafunso amene angamuthandize dokotala.

Kodi ululuwu unayamba liti, poyerekeza ndi tsiku limene munayamba mankhwala? Ngati munthu wakhala akumwa mlingo womwewo kwa zaka ziwiri popanda vuto, ndipo ululu wayamba sabata imene wayamba kulima, khasu ndilo loyamba kukayikiridwa.

Kodi ukupweteka pati? Bondo limodzi lotupa, chiuno cha mbali imodzi kapena mfundo za zala si malo a sitatini. Zimenezo zimaloza ku nyamakazi kapena kuvulala. Mapazi otentha kapena ochita dzanzi amaloza ku matenda a shuga kapena ku mankhwala ena, monga ena a TB.

Kodi mukapuma masiku awiri kapena atatu umachepa? Ululu wa ntchito umatha ndi kupuma. Wa mankhwala sulabadira kuti lero ndi Lamulungu.

Kodi thupi likutentha? Kuphwanya m'thupi kotsagana ndi kutentha thupi, mutu ndi kuzizidwa kukufunika kuyezetsa malungo tsiku lomwelo.

Kodi mwayamba mankhwala ena posachedwapa, kaya ochokera kuchipatala, ogula pagolosale kapena azitsamba? Ili ndi funso lofunika kuposa onse, ndipo tilifotokoza pansipa.

Mayankho alembedwe papepala ndi masiku ake, ndipo pepalalo lilowe m'kabuku ka kuchipatala.

Zizindikiro zosadikira mawa

Lamulo ndi lakuti munthu asasiye mankhwala payekha, koma pali nthawi imene ayenera kusiya ndi kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Nthawi yake ndi pamene mkodzo wasanduka woderapo ngati tiyi wopanda mkaka. Pamene minofu ikupweteka kwambiri thupi lonse ngakhale kungoikhudza. Pamene munthu wafooka mwakuti akulephera kudzuka pamphasa, kukwera khonde kapena kukweza manja kuti apese tsitsi. Pamene mkodzo wachepa kwambiri kapena wasiya. Ndiponso pamene maso achita chikasu. N'zoona kuti mkodzo wosintha mtundu utha kubweranso ndi malungo aakulu, likodzo kapena matenda a chiwindi, koma zonsezi n'zofunika chipatala mwachangu. Wodwala anyamule mankhwala ake onse m'timatumba take kuti dokotala awaone.

Mankhwala amene sayendera limodzi

Simvastatin, komanso atorvastatin pang'ono, amaphwanyidwa ndi chiwindi asanatuluke m'thupi. Mankhwala ena amatsekereza njira imene chiwindi chimaphwanyira masitatiniwa, ndipo zikatero amaunjikana m'magazi ngati kuti munthu wamwa mapiritsi ambiri nthawi imodzi. Apa ndi pamene minofu imavulala.

Kwathu kuno izi zikukhudza kwambiri anthu omwa ma ARV. Mankhwala amene anthu ambiri akhala akulandira kuyambira cha m'ma 2019, okhala ndi dolutegravir, salimbana ndi masitatini. Koma ma ARV amene muli ritonavir, monga ophatikiza ndi atazanavir, lopinavir kapena darunavir, sayenera kumwedwa pamodzi ndi simvastatin ngakhale pang'ono. Munthu wotere amapatsidwa sitatini wina pamlingo wosamala. Choncho amene amalandira ma ARV pakhomo lina ndi mankhwala a mtima pakhomo lina aonetsetse kuti mbali zonse zikudziwa zimene akumwa. Kubisa ma ARV chifukwa cha manyazi kungathe kuvulaza impso.

Komatu kukhala ndi kachilombo ka HIV si chifukwa chothawira masitatini. Kafukufuku wotchedwa REPRIEVE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2023, anachitika m'maiko 12 kuphatikizapo South Africa, Botswana, Zimbabwe ndi Uganda, ndipo munali anthu 7,769 omwa ma ARV a zaka zapakati pa 40 ndi 75. Amene ankamwa sitatini wotchedwa pitavastatin anachepetsa chiopsezo cha matenda aakulu a mtima ndi sitiroko ndi magawo 35 pa 100.

Ena osayendera limodzi ndi simvastatin ndi maantibayotiki otchedwa erythromycin ndi clarithromycin, ndi mapiritsi a matenda a mafangasi otchedwa ketoconazole ndi itraconazole. Dokotala akadziwa, amasankha mankhwala ena kapena kuimitsa sitatini kwa masiku ochepawo. Amlodipine, amene anthu ambiri amamwa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, atha kumwedwa limodzi ndi simvastatin, koma pamenepo simvastatin asapitirire mamiligalamu 20 patsiku. Rifampicin wa m'mankhwala a TB amachita zosiyana: amafooketsa mphamvu ya sitatini. Pa zakudya, chipatso chofunika kusamala nacho ndi manyumwa, amene amatsekereza njira yomwe ija ya kuphwanya mankhwala. Malalanje ndi manachesi alibe vuto.

Chiopsezo chimakulanso kwa okalamba kwambiri, anthu a thupi laling'ono, odwala impso kapena chiwindi, amene chithokomiro chawo chikugwira ntchito mofooka, ndi omwa mowa mwauchidakwa. Kachasu payekha amawononga minofu ndi chiwindi. Kugwira ntchito yolemetsa padzuwa la Okutobala osamwa madzi okwanira nakonso kumalemetsa impso, choncho chigubu cha madzi chisamasowe kumunda.

Zovuta zina

Masitatini amakweza pang'ono shuga wa m'magazi. Mwa anthu 10,000 aja omwa mankhwala kwa zaka zisanu, pakati pa 50 ndi 100 adzapezeka ndi matenda a shuga chifukwa cha mankhwalawo, ndipo ambiri ndi amene shuga wawo anali kale pafupi ndi malire. Chofunika ndi kuyezetsa shuga nthawi ndi nthawi, kuchepetsa zakumwa zotsekemera ndi kusamala kunenepa. Amene ali kale ndi matenda a shuga asachite mantha, pakuti iwo ali m'gulu la amene amapindula kwambiri ndi mankhwalawa. Akatswiri omwe aja anawerengeranso kuti anthu 5 mpaka 10 mwa 10,000 atha kudwala sitiroko ya mtundu wina, yochitika mtsempha ukaphulika mu ubongo. Koma sitiroko zimene mankhwalawa amaletsa n'zambiri kuposa pamenepo, ndipo chitetezo chachikulu ku kuphulika kwa mtsempha ndi kusamala kuthamanga kwa magazi.

Ena amamva nseru, mpweya m'mimba kapena mutu m'masiku oyambirira, ndipo nthawi zambiri zimatha zokha. Poyeza magazi, zizindikiro za chiwindi zimatha kukwera pang'ono, koma kuwonongeka kwenikweni kwa chiwindi n'kosowa kwambiri. Mphekesera yoti masitatini amaiwalitsa sinatsimikizike m'makafukufuku aakulu oyerekeza omwa ndi osamwa. Mayi amene watenga pakati, amene akufuna kutenga pakati kapena amene akuyamwitsa auze achipatala msanga, chifukwa nthawi zambiri mankhwalawa amaimitsidwa panyengo imeneyi.

Zimene dokotala angachite

Anthu ambiri amasiya mwakachetechete chifukwa amaganiza kuti njira zilipo ziwiri zokha: kupirira ululu kapena kutaya mankhwala. Njira zilipo zambiri. Kumene zipangizo zilipo, dokotala atha kuyeza magazi kuti aone ngati minofu ikuwonongeka, kuyeza kotchedwa CK. Wodwala anene ngati wagwira ntchito yolemetsa masiku apitawo, chifukwa ntchito payokha imakweza CK. Dokotala atha kuimitsa mankhwala kwa masabata angapo n'kuona ngati ululu watha, kenaka n'kuyambitsanso kuti aone ngati wabwerera. Atha kuchepetsa mlingo, kusintha mtundu wa sitatini, kapena kupereka mtundu wokhalitsa m'thupi woti uzimwedwa modumphitsa tsiku. Kumene akupezeka, palinso mankhwala ena otsitsa kolesitero amene si sitatini, monga ezetimibe. Anthu ambiri amene mtundu woyamba unawavuta amadzapeza mtundu kapena mlingo umene thupi lawo likulola. Ngati kufooka kukupitirira miyezi itapita munthu atasiya mankhwala, abwerere kuchipatala, chifukwa pali matenda ena a minofu osowa kwambiri ofunika chithandizo chapadera.

Udindo wathu ogwira ntchito m'midzi

Ife amene timayenda khomo ndi khomo, kukhala m'misonkhano ya makalabu a alimi ndi m'magulu a banki m'khonde, ndife amene timamva madandaulo amene sakafika m'chipinda cha dokotala. Munthu akatiuza kuti mankhwala akumupweteka, tisamudzudzule ndiponso tisamuuze kuti n'zamumutu. Akadzudzulidwa amangotseka pakamwa, mankhwala n'kumakathera m'chimbudzi. Timvetsere, tifunse mafunso aja, tiyang'ane zizindikiro zoopsa, ndipo timuthandize kubwerera kuchipatala, ngakhale tsiku lake lisanakwane. Pocheza m'makomo tizipempha kuona timatumba ta mankhwala, chifukwa kathumba kodzaza kamanena zimene mwini wake sanganene.

Tisamalenso malilime athu. Mawu amodzi olankhulidwa pamaliro kapena kutumizidwa pa WhatsApp akuti "mankhwala awa amadya minofu" atha kusiyitsa mankhwala anthu khumi amene analibe vuto lililonse. Ndipo tichenjeze anthu za ogulitsa mabotolo ndi ufa wodula amene amati amatsuka mafuta m'magazi. Kudya masamba, nyemba, nsomba ndi mtedza, kuchepetsa mchere ndi zokazinga, ndi kusiya fodya, zonsezi n'zofunika kwa aliyense. Koma kwa munthu amene anagwapo kale sitiroko kapena matenda a mtima, zimenezi zimathandizana ndi mankhwala, sizilowa m'malo mwake.

Amalume aja ndinapita nawo kuchipatala sabata yotsatira, titanyamula timatumba tonse titatu. Dokotala anamvetsera, anawauza kuti adzuke pampando osagwira pena paliponse, anafunsa za mtundu wa mkodzo, kenaka anayang'ana m'kabuku. Anaona kuti mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi anali atasinthidwa miyezi ingapo m'mbuyomo kukhala amlodipine, koma simvastatin anatsala pa mamiligalamu 40. Anawatsitsira pa 20. Anawauzanso mosabisa kuti popeza ululu sunathe atasiya mankhwala mwezi wathunthu, wolakwa wamkulu ayenera kuti ndi mizere imene ankaunga kuyambira mbandakucha, ndi kuti mwezi umenewo anaukhala opanda chowatchinjiriza ku sitiroko yachiwiri.

Pobwerera, tili pamsewu kudikira minibasi, amalume anapukusa mutu. "Ndiye ndinangotsala pang'ono kudya phula chifukwa chosafunsa," anatero. Chimanga chawo anakolola, ndipo kathumba kachitatu kaja tsopano kamatha pamodzi ndi tinzake. Ntchafu zimawapwetekabe nthawi yobandira, monga zakhala zikuchitira zaka makumi anayi zapitazi, ndipo chaka chino avomera kuti mizere ya kumunsi kwa munda alembe aganyu.

Ngati m'mudzi mwanu muli wina amene kathumba kake ka mankhwala sikakutha, mufunseni lero. Tikumanenso m'kope lotsatira.